Zisanu pa Zana

Benvinda anandisiyira kope lothimbirira mafuta.
Tsamba lachisanu ndi chiwiri: Sopo.
Mafuta a azitona, zitini zitatu.
Soda woyaka, kapu yobenthuka ija.
Madzi, kulekeza pa chipsera cha ndowa.

Ndowayo inabooka chaka chimene anayamba kudwala,
ndinadzalamo anyezi.
Kapu inandipulumuka m'manja tsiku la maliro.
Zitini m'nyumba muno zilipo khumi ndi zinayi,
palibe chofanana ndi chinzake,
ndipo zonse zangoti duu, ngati zinapangana.

Mu Januwale, zigayo zoyenga mafuta za ku Mirandela zitatseka,
chifunga chitagonera mtsinje wa Tua osafuna kudzuka,
ndinangoyerekeza.
Sopo woyamba anauma ngati choko,
kumugunda ndi nsonga ya lilime
anandiluma ngati mavu.
Wachiwiri ndinamuchulutsira madzi chifukwa cha mantha:
milungu itatu ali phala m'bokosi,
akukha misozi yachikasu pa nyuzipepala.

Graciete anaimba foni kuchokera ku Lyon,
ali m'basi, ndikumva mabuleki akulira kumbuyo kwa mawu ake.
"Bambo, zisiyeni zitinizo. Tengani sikelo ya makeke.
Mafuta aliwonse ali ndi mtengo wakewake.
Kilogalamu ya azitona imafuna magalamu 135 a soda.
Akanakhala a nkhumba bwenzi mukuwonjezera pang'ono,
a kokonati ndiye adyera, musawayerekeze n'komwe.
Madzi, kawiri kulemera kwa soda.
Kulemera, bambo, osati kudzaza kwa kapu."

Ine amene ndinayendetsa basi ya ku Bragança zaka makumi atatu
osalakwitsapo chenji cha munthu,
ndinatuluka thukuta ndi pensulo m'manja
kuseri kwa bilu ya magetsi.
Makilogalamu atatu: 405.
"Tsopano chotsanipo zisanu pa zana lililonse."
Ndichotserenji, poti masamu akwana?
"Kuti soda athe mafuta asanathe.
Otsalawo ndiwo amasisita khungu."
Ndinachotsa makumi awiri monyinyirika. 385.
Madzi, 770.
Foni inaduka, basi yake italowa m'ngalande.

Ndinatsegula zenera, chisanu n'kulowa ngati mwini nyumba.
Magalasi kumaso,
magolovesi ofiira a Benvinda ondithina m'zala.
Soda ndiye amapita kumadzi, madzi sapita kwa soda:
ichi chokha ndinkachidziwa,
ankachinena chaka ndi chaka, osatembenuka,
ine ndikungodutsa pakhomo ndi nkhuni.
Madzi anachita mtambo.
Jagi inatentha popanda moto, mpweya wake n'kundikanda kukhosi.

Podikira kuti zizizire ndinavundukula tsamba,
osati kufuna kanthu,
manja anangosowa chogwira.
Kuseri, m'munsi mwenimweni,
timalemba ta pensulo topendekera kumanzere:
"Pa kapu ya soda tapapo supuni, ubweze m'thumba.
Manja a Amílcar amang'aluka m'chisanu."

Ndinakhala pansi pa thumba la mbatata.
Zaka zonsezi ndinkadzitama pa tebulo
kuti khungu langa ndi la ng'ona,
chonsecho ndinkasamba supuni imene iye ankabweza.
Sanaphunzire za magalamu.
Ankawerenga ming'alu ya zala zanga pa chiwongolero.

Ndinatakasa mpaka phewa linadandaula,
mpaka dontho lochoka pa mthiko
linasiya kanjira pamwamba, ngati padutsa nkhono.
Ndinathira m'bokosi la vinyo, n'kufunditsa bulangete lake.

Tsopano zidutswa makumi atatu zili pa thabwa m'chipinda chapansi,
zina zazikulu, zina zokhota, mpeni unkandizembera.
Lamlungu lililonse ndimatsika kukazitembenuza.
Graciete akuti milungu isanu ndi umodzi.
Dzulo, wachinayi usanathe, ndinaba kachidutswa,
kukagunda ndi lilime, maso ndili tsinzinu.
Sikanandilume.

Pa tsamba lija ndalemba manambala anga pansi pa ake.
Za ndowa ndi kapu sindinafufute.